Mapanga Awiri Avumbwitsa

Mwezi wa Okutobala ukafika, munthu woyenda m'midzi ya ku Kabwazi, m'boma la Dedza, amapeza anthu onse maso ali kumwamba. Minda yasosedwa, mizere yagalauzidwa, mbewu za chimanga, nyemba, soya ndi mtedza zakonzeka, ndipo chotsala ndi mvula yokha. Tsiku la Mulungu nyumba za mapemphero zimadzaza, chimodzimodzi ku Lobi, ku Chafumbwa ndi ku Linthipe. Mutaimika aliyense wotuluka m'tchalitchi ndi kumufunsa kuti mwini mvula ndani, angakuyankheni mosakayika kuti ndi Mulungu. Yankho limeneli ndi loona. Koma lero m'ngodya yathu ino tifuna kufunsa funso lachiwiri, limene anthu sakonda kulimva. Kodi munthu yemweyo akabwerera kunyumba, nkhawa ya njala itamugwira pakati pa usiku, chimene amadalira kwenikweni n'chiyani? Kodi pangodya za munda wake pakwiriridwa chiyani? Nanga kabotolo kali m'thumba la mbewu kaja adakagula kuti, ndipo adalipira zingati?

Maganizo athu ndi akuti Akhristu ambiri a masiku ano, osadziwa ndiponso osafuna, ayamba kuyenda m'njira imene Aisraele adayendamo pamene adatsata Baala, mulungu wa Akanani. Tidziwa kuti ena mwa inu, awerengi athu, museka pomva mawu amenewa. Mudzati, "Ife tidabatizidwa, mayina athu ali m'kaundula wa mpingo, ndipo fano la mtengo kapena la mwala sitidaligwadirepo." Tikuvomereza zimenezo. Komabe tikupemphani kuti mudekhe pang'ono, chifukwa Aisraele ambiri amene aneneri adawadzudzula akadayankha mawu omwewo. Iwonso sadanenepo kuti asiya Mulungu wa makolo awo.

Tiyambe tadziwa kuti Baalayo adali yani. Kwa zaka zambiri anthu ankamudziwa makamaka kudzera m'Chipangano Chakale. Koma m'chaka cha 1928 mlimi wina wa m'dziko la Syria, ali kulima m'munda mwake pafupi ndi nyanja, adagunda mwala umene udali chivundikiro cha manda akalekale. M'chaka chotsatira, 1929, akatswiri ofukula zakale motsogozedwa ndi Claude Schaeffer wa ku France adayamba kukumba pa chitunda cha Ras Shamra, ndipo adapeza mabwinja a mzinda wa Ugarit, umene udapasuka zaka pafupifupi 1,200 Khristu asanabadwe. M'mabwinjamo adatolamo mapale adothi ochuluka olembedwa nkhani za milungu ya anthu a m'dera limenelo. Mudali El, tate wa milungu. Mkazi wake Asera. Yam, mulungu wa nyanja. Mot, mulungu wa imfa. Ndi Baala Hadadi, mwini mitambo, mabingu ndi mvula. Adapezanso mwala wosemedwa, umene tsopano uli ku Louvre mumzinda wa Paris, woonetsa Baala atakweza chibonga m'dzanja limodzi, dzanja linalo litagwira mkondo wophuka masamba.

Chithunzi chimenechi chikutiuza zonse. Baala adali mulungu wa alimi. Nkhani za ku Ugarit zimasimba kuti Mot akamugonjetsa dziko limauma, ndipo akadzukanso mvula imabwerera. Munthu wa ku Kabwazi sangavutike kumvetsa nkhani yotere, pakuti dziko la Kanani, monga lathu lino, lili ndi nyengo ziwiri zazikulu, dzinja la mvula ndi chilimwe cha dzuwa. Buku la Deuteronomo, mutu 11, limasiyanitsa Ejipito ndi Kanani pa mfundo yomweyi. Ku Ejipito anthu ankathirira mbewu ndi madzi a mumtsinje monga tichitira kudimba, pamene ku Kanani munda wa kumtunda unkadikira madzi ochokera kumwamba. Mvula ikachedwa, banja lonse linkaopa kuti chaka chimenecho kukhala njala.

Tsono taganizirani Mwisraele amene makolo ake adali abusa a ziweto m'chipululu, ndipo iye wayamba kulima. Amene akumuphunzitsa ulimi ndi mnansi wake Mkanani. Akumuonetsa nthawi yobzala, kasamalidwe ka mpesa ndi ka mtengo wa azitona, ndipo pamodzi ndi zimenezo akumuonetsanso nsembe imene amapereka pa chitunda mvula isanagwe. Kwa Mkananiyo nsembeyo idali mbali ya ulimi, monga kupalira ndi kubandira. Mwisraeleyo sadaone choipa. Mumtima mwake adati Yehova ndiye adatulutsa makolo ku ukapolo, ndiye wa pa nkhondo ndi wa pa chikondwerero, koma za kumunda zili ndi mwini wake. Motero adagawa moyo wake pawiri, ndipo adachita zimenezi ali ndi mtima woti akadali munthu wa Mulungu.

Umboni wa kusokonezeka kumeneku ndi wochuluka. Mawu akuti "baala" m'Chihebri amatanthauza mwini, mbuye kapena mwamuna wa pabanja, kotero kuti munthu ankatha kutchula Yehova ndi dzina limenelo osaona vuto. Mfumu Sauli adatcha mwana wake Esibaala, monga tiwerenga pa 1 Mbiri 8:33. Yoasi, bambo wake wa Gideoni, adali ndi guwa la Baala pakhomo pake, ndipo anthu a m'mudzimo adafuna kupha Gideoni chifukwa choligwetsa. M'zaka za 1975 ndi 1976, pa malo otchedwa Kuntillet Ajrud m'chipululu cha Sinai, akatswiri adafukula mitsuko ikuluikulu ya zaka pafupifupi 800 Khristu asanabadwe, yolembedwa mawu odalitsa munthu m'dzina la Yehova ndi la Asera pamodzi. Wolemba mawuwo sankadziyesa wakunja. Mneneri Hoseya, m'mutu wachiwiri wa buku lake, akudandaula kuti Israele ankalandira tirigu, vinyo ndi mafuta kwa Mulungu koma n'kumathokoza Abaala. Ndipo pa phiri la Karimeli, m'masiku a mfumu Ahabu, Eliya sadadzudzule anthu kuti ataya Yehova. Adawadzudzula chifukwa chokayikakayika pakati pa awiri. Akuluakulu athu adanena zomwezo m'mawu atatu okha, kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Pamenepa tiyenera kuchotsa kaye chinthu chimodzi chimene chimatseka maso a ambiri. Mawu akuti mafano akangomveka kuno kwathu, Mkhristu amaloza chala kudambwe, kapena kumapiri a Dzalanyama kumene kudali kachisi wa Makewana ku Msinja. Mkangano wa pakati pa mipingo ndi miyambo ya makolo ndi wakale. Udayamba pamene amishoni adafika ku Mvera mu 1889, ku Nkhoma mu 1896, ku Mua mu 1902 ndi ku Bembeke mu 1910, ndipo mpingo uliwonse uli ndi chiphunzitso chake pa nkhaniyi. Ife sititha kuuthetsa lero. Chimene tinena n'chakuti kuloza chala kumeneko kwachititsa Akhristu ambiri kudziyesa otetezeka. Munthu amati poti sadavinidwe ndipo sathira nsembe kumanda, ndiye kuti nkhani ya mafano siyimukhudza. Tikumbukirenso kuti makolo popempha mvula kwa Chauta ankapemphera mudzi wonse ndi dziko lonse, ndipo munthu wofuna kuti munda wake wokha ubereke pamene ya anzake ikuuma ankamuyesa mfiti. Pa mfundo imeneyi makolowo akhoza kutichititsa manyazi ife a m'tchalitchi.

Chipembedzo cha Baala tingachizindikire ndi zizindikiro zitatu, ndipo zonse zikupezeka pakati pathu. Choyamba n'chakuti mulungu amagulidwa. Wopembedza amapereka kanthu kuti mulunguyo akakamizike kubweza. Taonani aneneri a Baala 450 pa Karimeli, m'buku la 1 Mafumu 18. Adafuula kuyambira m'mawa mpaka madzulo, adavina mozungulira guwa, adadzitema ndi mipeni mpaka magazi kuchucha, poganiza kuti phokoso likachuluka ndi mtengo ukakwera, mulungu wawo sangachitire mwina koma kuyankha. Nanga ife? M'misika ndi m'mabwalo a masukulu, pa wailesi ndi pa lamya za m'manja, mwadzaza alaliki ophunzitsa kuti munthu "abzale mbewu", kutanthauza kuti apereke ndalama kwa mlalikiyo, ndipo Mulungu adzamubwezera kakhumi kapena kazana. Wopereka zochepa amauzidwa kuti chozizwa chake chidzakhalanso chochepa. Mayi wamasiye amagulitsa thumba la soya limene likadagula feteleza, nakapereka ndalamazo, nabwerera kunyumba kukadikira phindu. Dzina limene latchulidwa pa msonkhanowo ndi la Yesu, koma malonda amene achitika ndi a pa Karimeli.

Malonda omwewo ali ndi nkhope ina yakale. Tonse tidziwa za mfumba, mankhwala amene anthu amati amakoka chimanga cha m'minda ya ena kuti chidzaze nkhokwe ya mwini wake. Tidziwanso za kutsirika munda usiku ndi za zithumwa zokwiriridwa pangodya. Amene amachita zimenezi si anthu osapemphera okha ayi. Ena amayimba kwaya, ena amanyamula mbale ya chopereka. Mukawafunsa mwakachetechete, yankho lawo limafanana ndi la Mwisraele uja: Mulungu ndi wa moyo wosatha, koma munda uli ndi zake. Mlaliki wogulitsa madalitso ndi sing'anga wogulitsa mfumba amanyozana poyera, komatu katundu wawo ndi mmodzi, ndipo nthawi zambiri wogula ndi munthu yemweyo.

Tisafulumire kuwaseka anthu otere, pakuti chowakankha ndi mantha, ndipo manthawo ali ndi chifukwa. Mu 2020 mlimi wolandira thandizo la boma ankagula thumba la feteleza la makilogalamu 50 pa K4,495, koma pofika 2022 mtengowo udakwera kufika pa K15,000, ndipo pofika 2025 thumba lomwelo m'sitolo lidali litapitirira K100,000. Ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 alionse mu Meyi 2022, ndiponso ndi magawo 44 mu Novembala 2023. Mu Malichi 2024, chifukwa cha ng'amba, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Minda ikucheperachepera pamene ana akuchuluka, ndipo nthaka yatopa. Munthu akaona kuti thukuta lake silikwaniranso kudyetsa banja, amagwira chilichonse chimene chamulonjeza chipulumutso. Baala wakhala akukolola anthu m'zaka za chilala kuyambira masiku a Ahabu. Chifukwa chake mlandu waukulu uli pa iwo amene amasandutsa mantha a osauka kukhala msika.

Chizindikiro chachiwiri n'chakuti mphamvu ya Mulungu imatsekeredwa m'kanthu kogwirika, koti munthu anyamule ndi kugwiritsa ntchito monga afunira. Pano Baibulo lili ndi nkhani imene Mkhristu aliyense ayenera kuidziwa. M'chipululu, monga tiwerenga pa Numeri 21, Mose adapanga njoka yamkuwa molamulidwa ndi Mulungu mwini, ndipo olumidwa ndi njoka adachira poiyang'ana. Chinthu chimenechi chidali choyera ndithu. Koma patapita zaka mazana angapo, Aisraele adayamba kuifukizira lubani, ndipo mfumu Hezekiya, zaka pafupifupi 700 Khristu asanabadwe, adaiphwanya. Nkhaniyi ili pa 2 Mafumu 18:4, pamene njokayo ikutchedwa Nehusitani. Hezekiya adaiphwanya pamodzi ndi zoimiritsa ndi mitengo ya Asera, osasiyanitsa. Phunziro lake ndi lakuti fano silichokera kwa akunja nthawi zonse. Likhoza kubadwira m'nyumba ya Mulungu momwemo.

Masiku ano tili ndi madzi odalitsidwa ogulitsidwa m'mabotolo, mafuta odzozera a mitengo yosiyanasiyana, timapepala tomata pa chitseko ndi pa njinga, zibangili ndi zithunzi za "munthu wa Mulungu" zoika pansi pa mtsamiro. Nyengo ya mayeso ikafika, ana a Sitandade 8 ndi a Fomu 4 amatengera zolembera zawo kokadzozedwa. Kudzoza wodwala ndi mafuta kulimo m'Malemba, pa Yakobo 5, koma kumeneko akulu a mpingo amapita kwa wodwalayo kukamupempherera, ndipo sitimva za mtengo. Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, pa Machitidwe 8, Petro adamudzudzula koopsa. Tsono kabotolo kamene munthu sangagone popanda iko, kamene akakataya amanjenjemera, kasiyana bwanji ndi nsupa imene agogo ake adatentha tsiku la ubatizo? Abale athu okagwira ntchito ku Joni adaona kumene njira imeneyi imathera. Mu 2014 mlaliki wina pafupi ndi Pretoria adadyetsa anthu ake udzu, ndipo mu 2016 wina ku Limpopo ankawapopera kumaso mankhwala ophera tizilombo a Doom, mpaka khoti lidamupeza wolakwa mu 2018. Anthu amene adagwada kulandira zimenezo adali ndi Mabaibulo m'manja.

Chizindikiro chachitatu ndicho choopsa koposa: mtengo wa chuma umalipiridwa ndi munthu mnzako. Yezebeli, mkazi wa Ahabu, mwana wa mfumu ya ku Sidoni, amene adalimbikitsa chipembedzo cha Baala mu Israele, ndi yemwenso adakonza mboni zonama kuti Naboti aphedwe ndi kulandidwa munda wa makolo ake. Zinthu ziwirizi zimayendera limodzi. Mulungu wako akakhala zokolola, mnansi wako amasanduka chopinga kapena chida. Mkhristu amene amasuntha malire a munda usiku, amene amalanda minda ya ana amasiye maliro asanathe, amene amakongoza mnzake thumba limodzi m'Januwale kuti adzalandire atatu pokolola, amene amapotoza sikelo pogula soya kwa alimi, ameneyo akutumikira guwa la Yezebeli ngakhale akhale pa mpando wa kutsogolo m'tchalitchi.

Ndipo njira imeneyi imafika mpaka pa magazi. M'chigwa cha Hinomu, kunja kwa Yerusalemu, pa malo otchedwa Tofeti, anthu a ku Yuda ankatentha ana awo ngati nsembe, mpaka mfumu Yosiya adawononga malowo cha m'ma 622 Khristu asanabadwe. Tikawerenga zimenezi timati anthu akale adali ankhanza. Koma kodi kukhwima n'chiyani? Kodi chizimba n'chiyani? Mu 2016 bungwe la Amnesty International lidalengeza kuti kuyambira Novembala 2014 anthu achialubino osachepera 18 adali ataphedwa m'Malawi muno, chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amabweretsa chuma. Mu Epulo 2022 Khoti Lalikulu lidapeza anthu 12 olakwa pa milandu yokhudza imfa ya mnyamata wachialubino wa ku Machinga amene adaphedwa mu 2018. Mwa iwo mudali mbale wake weniweni, wapolisi, wachipatala ndi wansembe, amene mpingo wake udali utamuimitsa kale ntchito. Sitikutchula zimenezi kuti tinyoze mpingo wina, pakuti palibe mpingo umene ungadzitame. Tikuzitchula kuti tione kuti maphunziro, yunifomu ndi mkanjo sizitchinjiriza mtima umene walambira chuma. Tofeti sali kutali ndi ife monga timaganizira.

Wina adzafunsa kuti, "Kodi tsono n'kulakwa kupempherera mvula? N'kulakwa kupereka kwa Mulungu?" Iyayi. Eliya yemweyo adapempherera mvula pa Karimeli, ndipo idagwa patatha zaka zitatu ndi theka za chilala. Yesu adaphunzitsa ophunzira ake kupempha chakudya cha tsiku ndi tsiku. Zopereka za masika, pamene Akhristu amanyamula chimanga, nyemba ndi nkhuku kupita nazo kutchalitchi atakolola, ndi mwambo wokoma woyenera kusungidwa. Kusiyana kwake kuli apa. Mwana amapempha kwa bambo wake, ndipo akalandira amathokoza, akamanidwa amakhalabe mwana. Wamalonda amalipira, ndipo katundu akapanda kufika amapita kusitolo ina. Chopereka cha masika chimatsatira zokolola ngati chiyamiko, pamene "mbewu" ya kwa mlaliki imatsogola ngati malipiro. Pa Mateyu 5:45 Yesu akuphunzitsa kuti Mulungu amagwetsa mvula pa olungama ndi osalungama omwe. Mvula yotere singagulidwe, ndipo aliyense amene akuitsatsa akugulitsa chinthu chimene si chake.

Tikumbukirenso kuti Mulungu atafuna kupulumutsa Ejipito ku njala, sadapatse Yosefe chithumwa. Adamupatsa nzeru yosunga gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola m'zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu dzambiri. Chikhulupiriro choona sichidana ndi khasu. Mlimi wopemphera ndi yemwe amapanga manyowa m'chilimwe, amabzala ndi mvula yoyamba, amasinthanitsa chimanga ndi nyemba kapena soya kuti nthaka ipume, amamvera mlangizi wa zaulimi, ndipo sagulitsa chakudya chonse mwezi wa Meyi mitengo ili pansi. Munda wa mnzake ukabereka koposa wake, amapita kukafunsa m'mene adalimira, osati kuyamba kunong'ona za mfumba. Safunsa adadya phula. Nsanje yotere yagwetsa nyumba za nkhalamba zambiri zosalakwa, zonamiziridwa ufiti ndi adzukulu awo obatizidwa.

Tsopano tilankhule ndi inu achinyamata amene mwangotsiriza sukulu. Inu ndinu amene msika umenewu ukukusakani koposa. Muli ndi satifiketi m'manja koma ntchito palibe, munda wa makolo ndi wochepa, ndipo anzanu akukutumizirani zithunzi za ku Joni. Adzabwera wina kukuuzani kuti nyenyezi yanu idabedwa ndi azakhali anu, ndipo iye angaibweze mukalipira. Adzabwera wina kukuuzani za mankhwala a bizinesi amene chizimba chake mudzauzidwa pambuyo. Musanatulutse ndalama, funsani mafunso atatu. Kodi chimene ndikupatsidwachi chili ndi mtengo? Kodi ndikuuzidwa kudalira kanthu kapena munthu m'malo mwa Mulungu? Kodi pali wina amene adzalira kuti ine ndiseke? Yankho likakhala inde pa limodzi lokha mwa mafunsowa, dziwani kuti mwafika pa guwa la Baala, ngakhale pakhomopo palembedwe dzina la Yesu ndi zilembo zazikulu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kwa inu aphunzitsi, udindo wanu ndi waukulu kuposa m'mene muganizira. M'midzi yambiri mphunzitsi ndiye munthu amene anthu amamuyang'ana pofuna kudziwa chimene wophunzira amakhulupirira. Mukaphunzitsa nkhani ya Eliya m'phunziro la Baibulo, musalekeze pa kuloweza chiwerengero cha aneneri kuti ana akhoze mayeso. Afunseni anawo kuti Baala angaoneke bwanji atafika pa msika wa kwawo lero. Mukaphunzitsa sayansi ndi ulimi, afotokozereni m'mene mitambo imapangikira, chifukwa chake nyemba zimakonza nthaka, ndiponso kuti ualubino ndi chibadwa chochokera kwa makolo onse awiri, chopanda matsenga alionse. Mwana wachialubino wa m'kalasi mwanu mukhazikeni kutsogolo kuti aone bwino pa bolodi, ndipo dziwani amene amamuperekeza popita kunyumba. Koposa zonse, ana asakuoneni inu eni mukutumiza zolembera zawo kokadzozedwa, kapena mukufunafuna mankhwala okwezera pa ntchito. Mwana amatsata mapazi a mphunzitsi kuposa mawu ake.

Kwa abusa, ansembe, akulu a mpingo ndi makatekisiti, mawu athu ndi aulemu koma osabisa. Anthu anu akupita kwa ogulitsa madalitso chifukwa kumeneko wina amawafunsa za munda, za ngongole ndi za mwana wodwala. Ngati ulaliki wa pa Sabata ulankhula za kumwamba zokha, ndiye kuti inu eni mwagawa moyo pawiri, ndipo gawo la kumunda mwalisiyira Baala. Buku Lopatulika lidatuluka m'chinenero chathu mu 1922 kuti mlimi adziwerengere yekha. Muwerengeni naye Hoseya ndi Amosi, muyendereni kumunda, mulimbikitseni kulowa m'magulu osungitsa ndi kubwereketsana ndalama mwachilungamo. Ndipo yang'ananinso m'nyumba mwanu momwe. Ngati mpingo uwerenga mayina a opereka zambiri ndi kuchititsa manyazi opereka zochepa, ngati maliro a wosauka ayamba afunsidwa khadi la chopereka mtembo uli m'nyumba, anthu adzaphunzira kwa inu kuti Mulungu ali ndi mtengo.

Hezekiya sadalekeze pa mafano a mitundu ina. Adaphwanyanso njoka ya Mose, imene anthu ake ankailemekeza. Gideoni sadapite kumudzi wa eni. Adayamba ndi guwa la pakhomo pa bambo wake. Chomwechonso ife, mvula ya chaka chino isanagwe, aliyense ayendere ngodya zinayi za munda wake, atsegule thumba la mbewu, ayang'ane pansi pa mtsamiro, ndipo adzifunse chimene akuopa kutaya. Mitambo ikadzasonkhana pamwamba pa Dzalanyama ndi pa phiri la Dedza, idzathira madzi pa munda wotsirika ndi pa munda wosatsirika mofanana, ndipo wogulitsa kabotolo uja adzati ndi ntchito yake. Musadzamukhulupirire. Wakutsina khutu ndi mnansi.